Kuwedza ndi nthenga si kwa a ku Borrowdale okha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga olankhula Chichewa kuno ku Harare, makamaka amene ali ndi ana ndi adzukulu ongokhala pakhomo Loweruka lonse. Nkhani yanga ndi ya usodzi umene Azungu amati fly fishing, koma bambo anga ankangoti kuwedza ndi nthenga. Mwezi wathawu mnzanga wa kutchalitchi kuno ku Mufakose anandipeza ndikulumikiza ndodo yanga pakhonde, nati, "Achimwene, zimenezo ndi za mabwana a ku Borrowdale, ife zathu ndi nyongolotsi." Mawuwo sanandichoke mumtima, chifukwa ndikudziwa zala zimene zinkamanga nthenga za mabwanawo.

Bambo anga anachoka ku Zomba mu 1956, nadzera ku Tete monga ankachitira anzawo ambiri, mpaka anapeza ntchito yophika panyumba ina ya alendo ku Nyanga. Nsomba ya trout anali ataidziwa kale ali mnyamata, akunyamulira Mzungu wina dengu m'mbali mwa Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba. Ku Nyanga, akatha kutsuka mbale usiku, ankakhala pafupi ndi nyali n'kumamanga nthenga pa timbedza, ine ndikuwagwirira ulusi. Mayina ake ndimawakumbukirabe: Mrs Simpson, Walker's Killer. M'mawa alendo ankatenga timbedzato kupita nato ku damu la Mare kapena la Rhodes, n'kubwera ndi nsomba zoti bambo akazinge. Iwo eni ankaponya pokhapokha alendo akachoka, ndi ndodo yothyoka imene anaitola n'kuimanga ndi ulusi. Ndiye munthu akandiuza kuti luso limeneli si lathu, ndimakana.

Kusiyana kwake ndi kuwedza kumene tinakula nako n'kumodzi basi. Ukamawedza ndi nyongolotsi kapena nsima, chimene chimanyamula chingwe kupita patali ndi kachitsulo kolemera kamene wamangirira pafupi ndi mbedza. Mbedza yovekedwa nthenga ilibe kulemera, ukaiponya yokha imagwera pamapazi pako. Cholemera ndi chingwecho, chonenepa, chokutidwa ndi pulasitiki, ndipo ndodo yaitali yofewa ndiyo imachitambasula m'mwamba, kumbuyo kenako kutsogolo, icho n'kunyamula kanthengako mpaka kukatera pamadzi ngati kachilombo kamene kagwa. Nsomba imaona chakudya, imabwera.

Chimene chimabweza anthu ambiri ndi mtengo, ndipo nanenso chinatsala pang'ono kundibweza. Nditapuma pantchito ndinalowa m'sitolo ina m'tauni kukafunsa. Mnyamata wogulitsa anandiwerengera ndodo, kawilo kokulungira chingwe, buluku la mphira lolowera m'madzi, chovala cha matumba ambirimbiri, kaukonde, mabokosi a nthenga, mpaka mtengo wake unaposa penshoni yanga ya miyezi ingapo. Ndinatuluka manja ali m'thumba. Patapita nthawi mwana wanga wamkazi anaona pa Facebook banja lina losamukira kunja likugulitsa katundu, ndipo ndinagula ndodo ndi kawilo kake madola 30. Ndi imene ndikugwiritsa ntchito mpaka lero.

Amene mukufuna kuyamba, funani ndodo yotalika mafiti 9, ya nambala 5 kapena 6. Nambalayo imalembedwa pamwamba pang'ono pa chogwirira, ndipo ikunena kulemera kwa chingwe chimene ndodoyo ingaponye bwino. Mafiti 30 oyambirira a chingwe cha nambala 6 amalemera magalamu 10 ndi pang'ono. Mukaika chingwe chopepuka pa ndodo yolimba, ndodo sipindika ndipo mudzangotopa mkono. Yogwiritsidwa kale ntchito ndi yabwino, bola muyang'ane polumikizira ngati sipanang'aluke. Tengani kathonje mukadutsitse m'timphete modutsa chingwemo; kakakodwa, dziwani kuti kampheteko kali ndi mng'alu ndipo kadzakudyerani chingwe. Kawilo gulani kotsika mtengo kwambiri. Pa nsomba zathu zino ntchito yake ndi yongosunga chingwe, chifukwa nsomba timaikoka ndi dzanja.

Pamene simuyenera kuumira ndi pa chingwe. Ine ndinaumira, ndinagwiritsa ntchito chakale chimene chinabwera ndi kawilo, chong'ambikang'ambika, ndipo chinkamira n'kukodwa m'udzu. Ndinataya miyezi iwiri ndikudziyesa wosatha kuponya. Gulani chatsopano choyandama. Pabokosi padzalembedwa WF6F ngati ndodo yanu ndi ya nambala 6. Ngati muli ndi m'bale wobwera kuchokera ku Johannesburg, mtumeni chimenechi m'malo mwa nsapato. Mukachisamala, kuchipukuta ndi kansalu konyowa ndi kusachisiya padzuwa, chimakhala zaka.

Kumapeto kwa chingwecho kumafunika nayiloni yoonekera kuti nsomba isachite mantha. Yopangidwa kale amagulitsa, koma nayiloni wamba yowedzera ikwanira. Dulani zidutswa zitatu, yopirira kulemera kwa mapaundi 15, ya 10 ndi ya 6, muzilumikize kuyambira yonenepa kutsirizira yowonda, zonse pamodzi zitalike ngati ndodo yanu. Buluku la mphira lisiyeni. Nsapato zakale, chipewa ndi magalasi alionse otchinga maso n'zokwanira. Za magalasizo ndikunenetsa, pakuti mbedza youluka ndi mphepo sisankha pokodwa. Ndipo kandevu ka mbedza kaphwanyeni ndi pulayala, kuti ikakulowani pakhutu kapena pachala ituluke mosavuta.

Nthenga musagule, zili pakhomo panu. Za m'khosi mwa tambala, zofewa za pansi pa mchira wa nkhuku, zamawangamawanga za nkhanga, ulusi wosokera wa mayi a kunyumba, ndi kyutekisi woti mudontheze pa mfundo kuti isamasuke. Chogwirira mbedza changa ndi pulayala yomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Yoyamba kuphunzira ikhale imene amaitcha Woolly Bugger: kamchira ka nthenga zofewa, thupi la ubweya wakuda wolukira juzi, kenako nthenga imodzi ya tambala yozunguliza thupi lonse. M'madzi imaoneka ngati kambululu kapena msundu, ndipo nsomba ya bass siisiya. Inanso ndimaisema kuchokera ku patapata wakutha. Ndimadula kachidutswa ngati njere ya chimanga, kukang'amba pansi, kulowetsamo mbedza ndi guluu, n'kumangirira timiyendo ta mphira. Kamayandama, ndipo ukakoka pang'ono kamalira kuti tchu pamadzi ngati chiwala chimene chikuvutika. Mbedza za nambala 8 mpaka 12 ndi zabwino pa bream, nsomba za mtundu wa chambo; nambala ikamakula, mbedza imachepa.

Kuponya musakaphunzirire kumadzi. Pitani pabwalo la mpira, mangani kaubweya m'malo mwa mbedza, ikani mbale pansi mapazi khumi kuchokera pamene mwaima. Chovuta chake n'chimodzi, kudikira. Mukakweza ndodo, iimitseni pafupi ndi khutu, mulole chingwe chitambasuke chonse kumbuyo musanachibweze. Mukamva chalira kuti thyaa ngati mkwapulo wa ng'ombe, mwafulumira, ndipo kumadzi nthenga yanu ikanaduka. Bambo ankandigwira chigongono n'kunena kuti, "Mwanawe, ukuthamangira kuti? Nsomba siikwera basi."

Tsono nsombazo zili kuti? Trout imafuna madzi ozizira, n'chifukwa chake imapezeka ku Nyanga kuno, ndipo kumudzi ku Zomba, ku Mulanje ndi ku Nyika. Ndi nsomba yobwera, imene Azungu anaitsira m'mitsinje ya m'mapiri. Ku Nyanga ndi ulendo wa maola angapo kudzera ku Rusape, kuphatikizapo chiphaso ndi pogona. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bream ndi bass zili m'madamu a m'mafamu ozungulira Harare, ku Norton, Beatrice, Goromonzi, ndipo ndani wa ife amene alibe m'bale pafamu? Pemphani chilolezo kwa eni malo, nthawi zambiri salimbalimba.

Novembala watha ndinatenga mdzukulu wanga wa zaka 12 kupita pafamu pamene alamu anga amagwira ntchito kufupi ndi Norton. Panjira anandifunsa kuti, "Agogo, nsomba ingadye bwanji nthenga, si ili ndi maso?" Tsikulo mvula yoyamba inagwa masana, dothi likununkhira. Dzuwa litapendeka, ngumbi zinayamba kutuluka pachulu cha m'mbali mwa damu, zambiri zikugwera m'madzi, mapiko atatambasuka. Madzi amene anali zii anayamba kuwira ngati mphika, timilomo ta nsomba tikutulukira paliponse pakati pa akakombo. Ndinali nditamangiratu tingumbi tanga, thupi la ulusi wofiirira ndi tinthenga tiwiri toyera totalika kuposa thupi. Mnyamatayo anaponya koyamba, chingwe chinamugwera pamutu. Kachitatu kangumbi kanatera pafupi ndi bango, kanakhala pang'ono, ndiye kanangosowa. Anakweza ndodo, inapindika mpaka pakati, iye n'kuyamba kufuula Chishona ndi Chichewa pamodzi. Inali bream ya chifuwa chofiira, imene kumudzi amati chilunguni, yaikulu kuposa chikhatho changa. Tinatenga zinayi za ndiwo, zotsalazo tinkazibweza m'madzi. Alamu anga, amene anabwera ndi chitini cha nyongolotsi, anachiika pansi n'kupempha ndodo.

Sindingalembe za nsomba ku Harare osatchula Chivero, ndipo ndimalemba mtima ukuwawa. Damu limeneli linamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, ndilo limatimwetsa madzi, ndipo ambiri a ife tinaphunzirira kuwedza pamenepo. Zonyansa za m'masuweji zimene Mukuvisi ndi Marimba zimatsitsa zadyetsa ndere yobiriwira yapoizoni, kotero kuti mu Disembala 2024 nsomba zinafa zosawerengeka, zipembere zinayi zinafa zitamwa madziwo, ndipo a ZimParks, bungwe loyang'anira nyama zakutchire, analetsa usodzi panyanjapo. Marimba amadutsa pafupi ndi kwathu kuno, fungo lake timalidziwa. Musapite ndi ana ku Chivero kapena ku damu la Darwendale musanafunse ku ofesi ya ZimParks ngati n'kololedwa ndiponso za chiphaso. Kulikonse kumene mungapite, funsani eni dera za ng'ona, ndipo imani kumtunda, pakuti madzi odekha a m'madamu amakhala ndi likodzo.

Pempho langa kwa akuluakulu anzanga ndi ili: m'nyumba zambiri za ana a ophika ndi olima maluwa a kale muli ndodo zimene makolo anapatsidwa ndi mabwana pochoka, zili pamwamba pa wadilobu kapena kudenga. Zitsitseni. Loweruka m'mawa ndimakhala pabwalo la mpira la kufupi ndi kwathu ndi mdzukulu wanga ndi anzake atatu, ndipo ndodo tili nazo ziwiri zokha.

Kwa owerenga a ku Nkhotakota ndili ndi funso. Bambo ankasimba za mpasa zimene zimakwera mtsinje wa Bua kuchokera kunyanja kukaikira mazira, ankati zimamenya nthenga mwamphamvu kuposa trout iliyonse ya ku Nyanga. Anamwalira asanabwerere kukaziwedza. Ine ndikusunga ndalama ya basi. Wina andilembere kudzera m'nyuzipepala ino mwezi umene zimakwera masiku ano, kuti ndidzabwere ndi mnyamatayu sukulu ikadzatsekera.

Msodzi wopuma pantchito,
Mufakose, Harare