Kusintha kwa njira yoyeretsera zithunzi za drone

Okondedwa makasitomala athu,

Kuyambira mwezi wamawa, zithunzi za drone zomwe mumatibweretsera kuchokera kuminda ya ku Namwera, ku Makanjira ndi m'mbali mwa nyanja ya Malombe tizidzaziyeretsa ndi pulogalamu yatsopano. Mtengo ukhala womwewo. Chomwe chisinthe ndi nthawi yodikira komanso katumizidwe ka zithunzi.

Pochotsa timizere tomwe kamera imasiya, kompyuta imayamba yagawa chithunzi kukhala mafunde aatali ndi aafupi. Chilichonse chobwerezabwereza chimatuluka ngati kadontho kowala, ndiye ife timafufuta timadonthoto n'kubwezeretsa chithunzi. Pulogalamu yakale inkawerengetsera funde lililonse palokha, moti pachithunzi cha mapikiselo (tizigawo ting'onoting'ono topanga chithunzi) 1024 mulitali ndi 1024 mulifupi inkachulukitsa manambala maulendo oposa 2 biliyoni. Yatsopanoyi ikugwiritsa ntchito FFT (Fast Fourier Transform), njira yowerengetsera mafunde mwachangu yomwe akatswiri a masamu Cooley ndi Tukey anafalitsa mu 1965. Imayamba ndi mapikiselo opingasa, kenako oimirira, ndipo mzere uliwonse imaugawa pawiri, n'kugawanso, kuti isabwereze zomwe yawerengetsera kale. Maulendo aja amatsika kufika pafupifupi 10.5 miliyoni, ndiye nthawi yodikira ichepa.

Musamadule nokha zithunzi. FFT imathamanga bwino ngati mapikiselo a mulitali ndi mulifupi ali manambala opangidwa pochulukitsa 2, 3 kapena 5 basi. Nambala ngati 1021 sigawika, choncho timaonjezera m'mphepete kuti ifike 1024. Timaonjezera pokopera mapikiselo a m'mphepetemo, chifukwa kuikamo mdima kumabweretsa mtanda wowala womwe umabisa timadontho tija.

Vuto lalikulu ndi WhatsApp. Chithunzi mukachitumiza mwachizolowezi chimafinyidwa, ndipo JPEG, njira yofinyira zithunziyo, imachidula m'timabokosi ta mapikiselo 8 kwa 8. Timabokosito timatulutsa timadontho tawotawo, osati ta kamera. Tumizani ngati Document, kapena bwerani ndi memory card ku ofesi kwathu ku Boma.

Komanso muzitiuza chomwe mukufuna kuona. Kompyuta sisiyanitsa timizere ta kamera ndi mizere ya chimanga yotalikirana masentimita 75, ngakhalenso mafunde a Mwera panyanja. Zonsezi n'zobwerezabwereza. Mukapanda kunena, munda wolimidwa bwino ungabwerere kwa inu wosalala ngati bwalo la mpira. Lembani dzina la mbewu ndi katalikiridwe ka mizere pa fomu yomwe mudzapatsidwe popereka zithunzi.

Ndife anu,
Oyang'anira ntchito ya zithunzi
Mangochi