Feteleza wopangidwa ndi magetsi sadzayeretsa Shire

Mkonzi,

Sindikugwirizana ndi amene akunena kuti kupanga feteleza ndi magetsi a dzuwa kapena a madzi kudzathetsa kuwonongeka kwa chilengedwe. N'zoona kuti amoniya wopangira urea amachokera ku gasi wokumbidwa pansi, ndipo mafakitale ake amatulutsa mpweya wambiri wotenthetsa dziko. Njira yatsopano yochotsa m'madzi haidrojeni wopangira amoniyayo ingachepetse mpweyawo, koma imadya magetsi ochuluka zedi. Nanga ife tiwatenga kuti? Sitinaiwale momwe namondwe Ana anawonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022, magetsi n'kumazimazima dziko lonse.

Chachikulu n'chakuti thumba likafika kumunda, vuto limakhala lomwelo, kaya linapangidwa motani. Kutentha kwa kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, urea wongomwazidwa pamwamba amauluka mbewu isanadye. Wotsalayo mvula imamukokolera mu Shire, kumene amakanenepetsa namasupuni wotsekera asodzi njira ku Elephant Marsh.

Boma liwonjezere alangizi m'chigwa chino. Aphunzitse alimi kukwirira feteleza ndi kumuphatikiza ndi manyowa, poti ng'ombe kuno ndiye zilipo, ndipo mafumu aletse kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje.

Mlimi wa ku Nchalo