Kalata ya kwa Amayi, yochokera ku Joni

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi ana kumeneko. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha Juni chafika poluma, moti cha kwathu ku Dedza n'chamasewera. Ndalama ndatumiza pa Mukuru. Muyambe mwagula mankhwala othira m'chimanga anankafumbwe asanalowe, yotsalayo ikhale ya yunifolomu ya mdzukulu wanu.

Munandifunsa chomwe ndinasiyira ntchito kunyumba ija, ine n'kungoti tidzakamba. Pa foni mayunitsi amatha nkhani ili pakati, n'chifukwa chake ndalemba.

Inu munatilera kuti wamkulu akamalankhula, maso pansi. Ulemu umenewo ndikadali nawo. Koma kuno alipo anthu amene akaona munthu wazolika amati apeza wopanda pakamwa. Ndinkadzuka kusanache, kukagona onse atagona, Lamlungu lomwe. Kapu ndi mbale yanga zinkakhala kugalaja, osati pamodzi ndi zawo. Ndikati nditchule za malipiro, abwana ankangofunsa za mapepala anga, ine ziii, poopa Lindela, kuja amasungira alendo oti awabweze kwawo. Mu taxi ndinkazimitsa foni kuti mukaimba anthu asandimve ndikulankhula Chichewa n'kuyamba zoti kwerekwere. Mapeto ake, Amayi, zinandilowa. Ndinayamba kuona ngati akundichitira chifundo pongondilola kukhala pakhomo pawo.

Amene anandidzutsa ndi mayi wina wa ku Ntcheu, mnzathu wa ku Mvano, yemwe wakhalitsa kuno. Anandikhazika pansi titaweruka mapemphero, nandiuza kuti kuyambira 2022 lamulo la dziko lino limati wantchito wa m'nyumba asalandire zochepera malipiro otsikitsitsa a wantchito wina aliyense, ndipo mu 2024 anawaika pa R27.58 pa ola. Anatinso bungwe la CCMA limamva madandaulo a wantchito ngakhale akhale mlendo. Tinatenga pepala n'kuwerengera maola anga. Ndinalira, koma osati chifukwa cha ndalama yokha.

Usiku umenewo ndinagona ndikuwerenga zina. Ana a abwana anaphunzirira kuyenda m'manja mwanga. Gogo wawo wodwala uja ankakana kusambitsidwa ndi wina aliyense koma ine. Kenako ndinakumbukira agogo aamuna, bambo anu, amene anabwera kumigodi kuno ndi Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito za kumigodi, Kamuzu asanaletse ulendowu mu 1974 ndege ija yonyamula antchito a kumigodi itagwa ku Francistown, ku Botswana. Paja munkati anabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosapola. Golide amene anamanga mzinda uno anatuluka pansi ndi manja ngati awo. Ndiye mdzukulu wawo aziyenda chozemba ngati waba nkhuku?

M'mawa mwake ndinawapempha abwana mwaulemu kuti tikambirane. Miyendo inkanjenjemera, sindikunamizani, koma ndinawayang'ana kumaso n'kunena zonse: malipiro, tsiku lopuma, ndi kapu ija. Anakana. Ndinawathokoza, n'kulongedza. Sindinapite kukawasumira, mwina ena anganene kuti ndinawasiya mosavuta, koma mtima wanga unali utapeza kale chomwe unkafuna.

Pano ndikugwira masiku osiyanasiyana m'nyumba zingapo. Mtengo ndimatchula ndekha ndisanagwire tsache, ndipo wina akati wakwera, ndimamuuza kuti asake wina, palibe chidani. Chodabwitsa n'chakuti ambiri amavomera. Foninso simaizimitsa. Mukaimba ndili mu taxi, lankhulani momasuka.

Pempho langa ndi la mdzukulu wanuyo. Ndamva kuti amafunsa mafunso mpaka aphunzitsi kutopa. Musamuletse kwambiri. Agwade popereka madzi, inde, koma akalakwiridwa azitha kunena. Achimwene nawo, ngati atsimikizadi zobwera, asathamangire amatola odutsa m'tchire. Ayambe apeza pasipoti, ndipo andiimbire tikambirane asanagulitse mbuzi.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali ndi onse a kumpingo. Mukapeza wodalirika wokwera basi, munditumizireko ufa woyera, nsinjiro ndi usipa pang'ono.

Ndine mwana wanu,
Mayi wa mdzukulu wanu