Mwana wa mlongo wanga akufuna ntchito yosambira pansi pa nyanja koma saona patali: avale ma contact lens kapena achitidwe opaleshoni?

Aphungu,

Ndikulemba kuchokera ku Chipata kupempha nzeru pa nkhani ya maso a mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 24 amene ndamulera kuyambira pamene bambo ake anatisiya. Poti ndine tsibweni wake, abale onse akudikira mawu anga, ndipo ndalama zofunika zichokanso m'thumba langa, koma nkhaniyi yandikulira.

Mnyamatayu anaphunzira ntchito yosamalira alendo, ndipo wapeza mwayi pa malo ena ogona alendo ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi ku Malawi. Eni malowo akufuna kuti aphunzire kumira pansi pa madzi atabereka botolo la mpweya, zimene amazitcha scuba, kuti mtsogolo muno aziperekeza alendo okaona nsomba za mbuna m'miyala yozungulira chilumba cha Thumbi. Derali lili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, choncho ntchitoyi ndi yokhalitsa ndipo sindikufuna kumutsekera khomo. Chovuta n'chakuti iyeyu saona patali. Mphamvu ya magalasi ake ndi -4.50 diso lililonse, moti akawavula sangazindikire munthu amene ali tsidya lina la msewu. Magalasi wamba savalidwa m'kati mwa masiki yomirira, chifukwa mikono yake imasiya mpata wolowera madzi.

Masiku ano amavala ma contact lens ofewa, timagalasi tating'ono tomata pa diso penipeni, ndipo iye akuti anthu ambiri amamira atavala timeneti popanda chovuta. Wandifotokozera kuti oopsa ndi ma contact lens olimba, osati ofewawa, chifukwa munthu akamakwera kuchoka pansi timathovu ta mpweya wa nayitrojeni tingatsekeredwe pakati pa galasi ndi diso, n'kumachititsa kuti aone mwa chimbuuzi kwa kanthawi. Zimenezo ndazimva, koma mantha anga ali pa madziwo. Dokotala amene anamupatsa timagalasito anamuchenjeza kuti asamatitsuke ndi madzi a pampopi kapena kusamba atativala, chifukwa m'madzi opanda mchere mumakhala kachilombo kotchedwa Acanthamoeba, kamene kakamatirira pa galasi kamayambitsa chilonda chopweteka kwambiri pa khungu loonekera la kutsogolo kwa diso. Chilondacho chimavuta kuchiza, mankhwala ake amadonthezedwa kwa miyezi, ndipo ena amasiyiratu kuona. Tsono nyanja ya Malawi ndi ya madzi opanda mchere omwewo, ndipo pa maphunziro a scuba wophunzira aliyense amalamulidwa kudzaza madzi m'masiki, kuivula ali pansi, kenako kuivalanso ndi kutulutsa madziwo popemerera ndi mphuno. Iye akuti azitsinzina pochita zimenezi, ndiponso azivala otaya tsiku lomwelo akangotuluka m'madzi. Kodi zimenezi n'zokwanira kwa munthu amene azimira pafupifupi tsiku lililonse chaka chonse? Mlendo wongobwera sabata imodzi ndi wantchito wokhazikika sangakhale pa chiopsezo chofanana, ndipo otaya tsiku lomwelowo timachita kuwaitanitsa ku Lusaka pa mtengo wokwera.

Chimene mtima wake uli nacho kwenikweni ndi opaleshoni ya laser (kuwala kwamphamvu kodulira) yotchedwa LASIK, imene akufuna akachitidwe ku Johannesburg. Monga mmene ndamvera, dokotala amasenda kachikopa kopyapyala pamwamba pa diso, n'kukapinda pambali ngati chivindikiro, kenako laser imasema m'kati mwake kuti diso lione bwino, ndipo kachikopako amakabwezera popanda kusoka. Apa m'pamene pandisowetsa tulo. Munthu akatsika mamita 10 m'madzi, mphamvu yomupanikiza imawirikiza kawiri, ndipo satifiketi yoyamba ya bungwe la maphunziro a scuba la PADI, ya Open Water Diver, imalola kufika mamita 18, kumene mphamvuyo imayandikira kuwirikiza katatu. Mpweya wa m'masiki umafinyika akamatsika, ndipo ngati waiwala kupemereramo ndi mphuno, masiki imakoka nkhope ndi maso mpaka timitsempha ta magazi timaphulika, maso n'kufiira. Ophunzira kumene ndi amene amaiwala kawirikawiri, ndipo iyeyu ndi wophunzira kumene. Kodi kukoka koteroko sikungasunthe kachikopa kamene kangobwezeredwa? Mnyamatayu akuti madokotala ambiri amalangiza kudikira pafupifupi mwezi umodzi, ndipo akufuna awerengere masiku ndendende kuti ayambe maphunziro nyengo ya alendo isanadutse. Ine ndikuona kuti changu chotere n'choopsa, makamaka poti opaleshoniyi imasiya maso ouma kwa miyezi ingapo mwa anthu ambiri, ndipo munthu wa maso ouma sachedwa kuwatikita. Ndamvanso za njira ina yotchedwa PRK, imene sisiya kachikopa kotere koma imapweteka masiku oyamba ndipo imachedwa kupola. Ndikufuna kudziwa ngati imeneyi ndiyo yoyenera munthu wa ntchito ya m'madzi.

Ndinene poyera kuti ine ndimakonda njira yachitatu, yogula masiki yokhala ndi magalasi a mphamvu ya maso ake. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi ulendo wa ku South Africa, ndipo diso silikhudzidwa n'komwe. Iye akukana, ndipo zifukwa zake si zachibwana. Akuti woperekeza alendo ayenera kuona bwino ngakhale ali m'boti masiki atavula, kuti aziwerenga mitu ya anthu ali pamwamba pa madzi, komanso kuti masikiyo itathyoka lamba ali pansi adzalephera kuwerenga geji ya mpweya ndi kuona zizindikiro za manja za amene akuwatsogolera. Ndinamuyankha kuti angayende ndi masiki yachiwiri m'thumba la jekete yomirira ndi kusunga magalasi ake m'boti, koma sindinamugonjetse, ndipo mayi ake angoti zonse zili kwa ine.

Tikukonza zoti akapimidwenso maso ku chipatala cha Mwami asanawoloke malire a Mchinji. Chonde tiuzeni zimene tiyenera kukafunsa kumeneko, makamaka za kukhuthala kwa khungu la diso ndi ngati mphamvu ya magalasi ake yasiya kusintha, poti ndamva kuti opaleshoni sachita pa maso amene akusinthabe. Tiuzeninso ngati kuli kwanzeru kuti ayambe maphunziro ndi masiki ya magalasi, opaleshoniyo n'kudzaiganizira atazolowera madzi, kapena ngati kuchita opaleshoni poyamba ndi kudikira miyezi ingapo n'kotetezeka kuposa. Ndipo ngati angaumirire ma contact lens, ndi zizindikiro ziti zimene akaziona ayenera kusiya ntchito tsiku lomwelo n'kuthamangira kwa dokotala wa maso, poganizira kuti ku Cape Maclear n'kutali ndi Lilongwe ndi Blantyre? Eni ntchito akufuna yankho mwezi uno usanathe.

Ine wanu,
Tsibweni wodera nkhawa,
Kapata, Chipata