Lipoti la msonkhano wa zotsatira za opaleshoni ya bypass

Mayi wapampando ndi anamwino anzanga, ndabwerako ku msonkhano wa madokotala a mtima umene munandituma pachipatala chachikulu cha m'chigawo chathu kuno ku England. Zikomo pondilipirira sitima.

M'mawa wonse unathera pa mbiri: mmene René Favaloro anakhazikitsira opaleshoniyi ku Cleveland Clinic mu 1967, potenga mtsempha wa m'mwendo kuti magazi alambalale pamene mtsempha wodyetsa mtima watsekeka. Izi tinaphunzira kusukulu, ndiye ndidumpha.

Pa imfa, dokotala wamkulu anakumbutsa kuti opaleshoni ikakhala yokonzekera, amamwalira ndi munthu 1 kapena 2 pa 100 alionse. Koma nambala yokha imanamiza. Chipatala cholandira okalamba, a impso zofooka ndi obwera mwadzidzidzi chimaoneka cholephera pomwe chikugwira ntchito yolemetsa. N'chifukwa chake amayamba ayeza chiopsezo cha wodwala aliyense ndi njira yowerengetsera yotchedwa EuroSCORE II asanayerekeze zipatala.

Mbali yathu inabwera masana, anthu atayamba kusinza. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu mtima umamusokonekera kagundidwe, atrial fibrillation ija, makamaka tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Nthawi imeneyo amakhala atachoka ku ICU, ali m'manja mwathu pawodi. Makina a BP amangokupatsa nambala, chala pamkono ndicho chimamva kudumphadumpha. Tikachedwa, magazi amaundana n'kubweretsa sitiroko. Ine ndemwe ndinachita manyazi, chifukwa pa naiti ndimadalira makinawo.

Kenako anaonetsa chithunzi chimene sichikundichoka m'maso: bala la pachifuwa litatseguka, mawaya omangira fupa la pachifuwa limene amadula pa opaleshoniyi akuonekera, mafinya akutuluka. Vutoli n'losowa, limagwera 1 kapena 2 pa 100, koma limakonda a shuga ndi onenepa kwambiri. Wodwala akanena kuti pachifuwa pakulira "kwe-kwe" akamatsokomola, tisamuuze kuti zitha zokha, tiitane dokotala. Ndipo musadabwe ambiri akamadandaula mwendo umene anachotsapo mtsempha kuposa chifuwa chenichenicho.

Ndinafunsa za abale athu amene amachitidwa opaleshoniyi ku India n'kubwerera kumudzi. Yankho lake linali lakuti mtsempha wa m'chifuwa, umene madokotala amagwiritsanso ntchito polambalalitsa magazi, umakhalitsa, oposa 90 pa 100 amakhala otseguka pakatha zaka 10, pamene ya m'mwendo pafupifupi theka imakhala itatsekeka kapena kuwonongeka. Choncho aspirin ndi statin (mankhwala otsitsa mafuta m'magazi) ndi za moyo wonse. Tonse tikudziwa mmene amalume amasiyira mapiritsi akangomva bwino, n'kukagwira khasu fupa lisanagwirane, pomwe limafuna milungu 6 mpaka 12.

Pempho langa ndi lakuti tilembe kapepala ka m'Chichewa kofotokoza za bala, mankhwala ndi kunyamula zolemera, koti tizitumiza kwathu pa WhatsApp. Ndayamba kale kukalemba. Ndikufuna anthu awiri oti akaunike tisanakumane Loweruka.