Kalata kwa mwana wanga pa za ulendo wa ku Roma

Mwana wanga wokondedwa,

Mapepala awiri amene unatitumizira ndawawerenga mofatsa, lija la gulu la ku parishi kwanu lofotokoza ulendo wa masiku khumi wa ku Roma ndi ku Assisi, ndi lija unalemba wekha powerengetsera ndalama zimene ungawononge utayenda pawekha. Amayi ako anakuyankha kale pa foni, ndipo mawu awo ukuwakumbukira, akuti mwana wamkazi sapita yekha kudziko kumene sadziwa chilankhulo. Ine ndasankha kulemba, chifukwa nkhaniyi ili ndi mbali zimene munthu amazidumpha akamalankhula pa foni, komanso chifukwa m'banja muno ndine ndekha amene ndinapondako ku Roma, ngakhale kuti papita zaka zambiri.

Ndiyambe ndi pepala lako la masamu. Waonetsa kuti kuyenda wekha kukutsika mtengo, ndipo sindikutsutsa, chifukwa mu mtengo wa gulu muli malipiro a kampani yokonza ulendo, a basi imene imakudikirani pakhomo, ndi a munthu wokutsogolerani. Koma masamu ako awerengera ulendo umene zonse zikuyenda bwino, pamene maulendo ambiri sayenda choncho. Sunaikemo ndalama ya usiku umodzi wogona panjira ngati ndege ya ku Lilongwe itachedwa n'kuphonya yolumikiza ku Addis Ababa. Sunaikemonso msonkho umene mzinda wa Roma umalipiritsa mlendo aliyense pa usiku uliwonse umene wagona mu hotela, womwe nthawi zambiri umalipiridwa pa hotelapo, padera pa mtengo wa chipinda. Ndipo chipinda chimene wasankha n'chotsika mtengo chifukwa chili kutali ndi pakati pa mzinda, kotero kuti zimene wapulumutsa pa malo ogona udzazibweza pa mayendedwe ndi pa kutopa. Ukaonjezera zimenezi, kusiyana kwa mitengo iwiriyi kutsala kochepa, ndipo ndalama siziyenera kukhala zokusankhira. Chimene uyenera kudzifunsa n'chakuti zinthu zikasokonekera adzathamanga ndani, ndiponso zinthu zikamayenda bwino nthawi idzakhala m'manja mwa yani.

Ine ndinapita ndi gulu m'chaka cha 2000, chaka cha Jubile, m'nthawi ya Papa John Paul II, pamene ku Italy ankagulabe zinthu ndi ndalama yawo ya lira, mayuro a m'manja asanayambe mu 2002. Ubwino wa gulu ndinauona tsiku lachitatu, pamene mayi wina wachikulire wa m'gulu mwathu anapisidwa m'chikwama mu basi yodzaza, ndipo chikwama chaching'ono chimene munali pasipoti ndi ndalama zake chinapita. Amene ankatitsogolera anatenga mayiyo kupita naye kupolisi, anamasulira zonse m'Chitaliyana, anaimba mafoni ofunika, ndipo ife enafe tinasonkha kangachepe kuti asagone ndi njala masiku otsalawo. Mayi uja akanakhala yekha, wopanda chilankhulo, wopanda ndalama, wopanda chiphaso, sindidziwa akanayambira pati. Gulu linatithandizanso pa zinthu zimene munthu mmodzi amavutika kuzipeza. Wansembe amene tinali naye anatichitira Misa m'Chichewa m'katchalitchi kakang'ono, ndipo malo athu pa msonkhano wa Papa wa Lachitatu anali okonzedwa kale tisananyamuke kuno. Ndikudziwitse pano kuti matikiti a msonkhano wa Lachitatu ndi aulere, amaperekedwa ndi ofesi yoyang'anira za pa nyumba ya Papa, choncho ukaona mtengo wake pa pepala la gulu, udziwe kuti ukulipira ntchito yokakutengera, osati tikitiyo.

Komabe ndikakubisira mbali inayo ndikhala ndakunamiza. Gulu limayenda pa liwiro la munthu wochedwa kwambiri pokwera basi, ndi pa liwiro la munthu wofulumira kwambiri pa malo opempherera. M'mawa uliwonse tinkadikira anthu awiri kapena atatu omwewo, ndipo nthawi imene tinkataya pakhomo pa hotela inkachotsedwa pa malo amene tinapitira. Chimene chimandiwawabe mpaka lero ndi Assisi. Tinanyamuka ku Roma m'mamawa, tinafika dzuwa litakwera, ndipo tinalowa m'tchalitchi chachikulu cha Francis Woyera, chimene mbali yake ya pamwamba inali itangotsegulidwanso kumapeto kwa 1999 pambuyo pa chivomezi cha mu 1997 chimene chinagwetsa zigawo za denga. Tinatsikira kumanda ake pansi pa tchalitchi, ndipo ndisanamalize n'komwe pemphero limene ndinalisunga mumtima kuchokera kuno, wotitsogolera anali atakweza kale ambulera yake kutiitana, chifukwa chakudya chamasana chinali chitaitanitsidwa kale ndipo basi inali ndi nthawi yake. Pambuyo pa chakudya anatipatsa pafupifupi ola lathunthu m'sitolo yogulitsa makorona ndi zithunzi. Ku katchalitchi ka San Damiano, kumene Francis anamva kuitanidwa kuti akonze nyumba ya Mulungu, sitinafikeko, ndipo Eremo delle Carceri, malo a m'nkhalango pa phiri la Subasio kumene ankapita kukapemphera payekha, ndinangowamva dzina. Ndinabwerera ku Malawi nditaona zinthu zambiri, koma ndili ndi njala ya malo amodzi amene ndinkawafuna koposa.

Iwe ndimakudziwa kuyambira uli wakhanda, ndipo ndikudziwa kuti kukokedwa ngati mbuzi ya pachingwe kudzakutopetsa kuposa mmene kunanditopetsera ine. Ndikudziwanso kuti masiku ano foni imakuonetsa njira, imakugulira tikiti ya sitima, ndiponso imakumasulira mawu a pa chikwangwani, zinthu zimene ife tinalibe. Choncho sindikugwirizana ndi amayi ako kuti sungathe, ngakhale ndikupempha kuti usawauze kuti ndatero. Sitima yotchedwa Leonardo Express imachoka pa bwalo la ndege la Fiumicino n'kufika pa siteshoni ya Termini m'mphindi 32, ndipo munthu wodziwa kuwerenga sangasochere pamenepo. Chimene chikundidetsa nkhawa chili kuno kwathu, usanakwere ndege n'komwe, ndipo ndicho viza ndi ndalama zakunja.

Italy ili m'gulu la mayiko a Schengen, mayiko a ku Ulaya amene mlendo amalowa ndi viza imodzi, ndipo amene ali ndi pasipoti ya Malawi amafunika viza. Wopempha amalipira mayuro 90, ndalama zimene sizibwezedwa akakanidwa, ndipo amayenera kuonetsa inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, malo ogona a usiku uliwonse, tikiti yobwerera, umboni wa ndalama za ku banki, ndi pasipoti imene idzakhalabe yamoyo miyezi itatu pambuyo pa tsiku lotuluka m'mayikowo. Koposa zonse amafuna kukhutira kuti munthuyo adzabwerera kwawo. Mtsikana wosakwatiwa amene pasipoti yake ilibe chidindo cha dziko lililonse lakutali, ndipo akupita yekha, amakhala ndi ntchito yaikulu yowakhutiritsa. Kalata ya parishi ndi ndondomeko ya gulu sizitsimikiza kuti viza ituluka, pakuti aliyense amaunikidwa payekha, koma zimafotokoza cholinga cha ulendo momveka kuposa mmene ungachifotokozere wekha. Pa za ndalama zakunja sindifunika kukuphunzitsa, chifukwa ukugwira ntchito mumzinda ndipo ukudziwa mmene anthu amadikirira madola ku banki, ndi mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Woyenda yekha amalipira hotela, sitima ndi matikiti olowera m'malo ndi khadi la ku banki, ndipo khadi lathu lili ndi malire a ndalama zimene lingatulutse kunja. Gulu likalola kuti ulipire zambiri mwa zimenezi m'makwacha uli konkuno, lakuchotsera mtolo umene pepala lako silinauwerengere.

Pamenepanso ndi pamene uyenera kuchenjera ndi gululo, chifukwa kuyenda ndi anthu a mpingo sikuchititsa kuti mgwirizano wa ndalama ukhale woyera. Safunsa anadya phula. Ufunse, ndipo mayankho akhale olembedwa, kuti mtengo wa m'madola adzausintha m'makwacha pa mlingo wa tsiku liti, ndi kuti kwacha ikagwa iwe utalipira kale theka, adzakuonjezera kapena ayi. Ufunse zimene adzakubwezere viza ikakanidwa, chifukwa matikiti a ndege a gulu ali ndi malamulo awo, ndipo anthu ambiri amazindikira zimenezi ndalama zitapita kale. Pepala lawo likunena za chakudya cham'mawa ndi chamadzulo chokha, kutanthauza kuti chamasana ndi cha m'thumba mwako masiku onse khumi. Likunenanso kuti mudzagona awiriawiri, choncho udziwe mnzako wa m'chipinda usananyamuke, chifukwa kufuna chipinda chawekha kuli ndi mtengo wapadera. Dzina la hotela alitchule, uliyang'ane pa mapu, pakuti mawu akuti "ku Roma" amagwiritsidwanso ntchito pa hotela ya m'mphepete mwa msewu waukulu wozungulira mzindawo, kumene madzulo sungatuluke wapansi kupita kulikonse. Ndalama uzipereka ku akaunti ya kampani kapena ya parishi ndi kulandira lisiti, osati m'manja mwa munthu, ngakhale akhale mkulu wa mpingo amene umamulemekeza.

Tsono malangizo anga ndi awa. Upite ndi gulu, koma upemphe kuyambira pachiyambi kuti tikiti yako yobwerera ikhale ya masiku anayi pambuyo pa tsiku limene anzako adzanyamuke. Makampani ambiri amalola zimenezi munthu akapempha tikiti isanadulidwe, nthawi zina ndi kandalama koonjezera. Masiku anayiwo uwalembe pa fomu ya viza, ndi malo ogona ake, ndipo inshuwalansi iwaphimbe, chifukwa viza ikhoza kutuluka ndi masiku enieni okhawo amene unapempha, ndipo kupitirira ngakhale ndi tsiku limodzi kungakuvutitse pa mapempho onse a m'tsogolo. Pofika tsiku limene gulu likutsanzikana nawe, udzakhala utadziwa kale mmene basi imakwereredwa, mtengo wa khofi, ndi mawu ochepa a moni, ndipo mantha a masiku oyamba adzakhala atatha uli pakati pa anzako.

Masiku awiri mwa anayiwo ukagone ku Assisi. Sitima yochokera ku Termini imatenga pafupifupi maola awiri, nthawi zina n'kusintha pa Foligno, ndipo imakutsitsa kuchigwa, ku Santa Maria degli Angeli, kumene kuli katchalitchi ka Porziuncola mkati mwa tchalitchi chachikulu. Kuchokera pamenepo basi imakwera nawe kumtunda. Ngati tikiti yako ya sitima ndi ya pepala, uidinditse pa kamakina ka pa siteshoni usanakwere, chifukwa woyang'anira matikiti samvera zoti ndiwe mlendo. Ubwino wogona kumeneko ndi wakuti mabasi a magulu amachoka dzuwa lisanalowe, ndipo m'mamawa, asanabwere ena, ungakhale pa manda a Francis nthawi yonse imene mtima wako ukufuna. Mumzinda womwewo muli thupi la Carlo Acutis, mnyamata amene anatchulidwa woyera mu Seputembala 2025, ndipo ndikudziwa kuti a msinkhu wanu mumamukonda.

Masiku awiri otsala ukabwerere ku malo a mu Roma amene gulu linakudutsitsa mothamanga. Kulowa m'tchalitchi cha Petro Woyera n'kwaulere, koma mzere wa pachipata umatalika dzuwa likakwera, ndipo salowetsa munthu amene mapewa kapena mawondo ali pamtunda. Ngati miyendo ikulola, ukwere pamwamba pa denga lake lozungulira, masitepe 551, kapena 320 ukayamba ndi chikepe. Matikiti a nyumba zosungiramo zinthu zakale za Vatican, kumene kuli katchalitchi ka Sistine Chapel, uwagule pa intaneti pasadakhale, ndipo ukumbukire kuti Lamulungu zimakhala zotseka kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi, pamene kulowa n'kwaulere koma khamu lake ndi losaneneka. Manda a Papa Francis ali m'tchalitchi cha Santa Maria Maggiore, pafupi ndi Termini, ndipo ungafikeko wapansi. Madzi usagule a m'botolo tsiku ndi tsiku, chifukwa mipopi ya m'misewu imene eni ake amaitcha nasoni imatulutsa madzi abwino akumwa. Pasipoti ikhale m'kathumba ka mkati mwa zovala, makamaka mu basi nambala 64 yochokera ku Termini kupita cha ku Vatican, imene imadziwika ndi opisa m'matumba, ndipo chithunzi chake uchisunge mu foni ndi kutitumizira kuno.

Chinthu chimodzi pa pepala la gulu sichinandisangalatse, ndicho mwezi wa Ogasiti. Nthawi imeneyo ku Roma kumatentha ngati ku Nsanje mu Okutobala, ndipo cha pa 15 Ogasiti eni mzinda ambiri amatseka masitolo awo kupita kutchuthi. Ufunse bambo mfumu ngati tsikulo lingasunthidwe kufika mu Okutobala kapena mu Meyi, ndipo ngati sizitheka, upite ndi nsapato zimene wayenda nazo kale ndi chipewa. Ukabwera kumapeto kwa mwezi uno ubweretse mayankho a kampaniyo olembedwa, pamodzi ndi pasipoti yako kuti tione tsiku lake lothera, ndipo za masiku anayi aja amayi ako ndiwafotokozera ndekha iwe usanafike.

Ndine bambo ako.