Ana aloledwe kuonera nkhani ya Chihiro

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi makolo anzanga kuno ku Salima amene akuletsa ana kuonera katuni ya ku Japan yotchedwa Spirited Away, ati poti muli mizimu ndi mfiti. Nkhawa yawo ndi yomveka, chifukwa ana athu amaonera zonyansa zambiri m'tinyumba ta kanema ndi pa mafoni, koma pa kanema uyu ndikuona kuti aweruza mlandu asanaumve.

Anamukonza ndi Hayao Miyazaki wa ku Studio Ghibli, anatuluka mu 2001, ndipo mu 2003 analandira mphoto ya Oscar. Nkhani yake ndi ya Chihiro, mtsikana wa zaka 10, yemwe anasochera pamodzi ndi makolo ake pa ulendo wosamukira kwina. Bambo ndi mayi ake atapeza chakudya mwini wake palibe, anayamba kudya mosusuka mpaka anasanduka nkhumba, ndipo mwanayo, amene poyamba anali wamantha ndi wonyinyirika, anakakamizika kupempha ntchito pa nyumba yosambiramo mizimu ya mfiti yotchedwa Yubaba kuti awapulumutse. Nthano zimene agogo athu ankatisimbira madzulo, ife tikuvomera kuti "tili tonse", zinali zodzaza ndi zilombo zolankhula, koma palibe anaphunzira ufiti chifukwa chozimva.

Chimene ndikufunitsitsa kuti ana a m'mbali mwa nyanja aone ndi pamene pa nyumbayo pafika mlendo wamatope thupi lonse, wonunkha moti antchito onse akutseka mphuno n'kumukankhira Chihiro. Pomusambitsa, mwanayo akhudza chinthu chomwe chamubaya m'nthiti. Amangirira chingwe, onse akoka pamodzi, ndipo chotuluka ndi njinga yadzimbiri, kenako mulu wa zitsulo ndi zinyalala zosaneneka. Apa m'pamene zidziwika kuti mlendoyo ndi mzimu wa mtsinje umene anthu anausandutsa dzala. Nayenso Haku, mnyamata amene akuthandiza Chihiro, ndi mzimu wa mtsinje wa Kohaku umene anthu anaukwirira n'kumangapo nyumba, ndipo chifukwa chosowa kobwerera anagwa m'manja mwa Yubaba mpaka kuiwala dzina lake.

Mwana wa ku Senga Bay safunika womumasulira zimenezi. Mvula ikagwa amaona yekha majumbo, mabotolo ndi matewera zikukankhidwira pa mchenga pamene amayi ake amatsukira mbale, ndipo amadziwa kuti mtsinje wa Linthipe umabwera wofiira, utasenza dothi ndi zinyalala za kumtunda, kuphatikizapo zimene walandira kwa mtsinje wa Lilongwe. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, komabe timagulirabe usipa m'majumbo omwewo n'kuwataya paliponse. Zimandipweteka kuti ana azolowera kusambira pakati pa zinthu zotere ngati kuti nyanja inalengedwa choncho.

Sindikubisa kuti muli malo ena oopsa, makamaka pamene chilombo chovala chigoba choyera chiyamba kumeza antchito, choncho ana aang'ono kwambiri asaonere okha. Pempho langa n'lakuti kholo likhale nawo pansi kwa maola awiri amenewa, ndipo aphunzitsi amene amayang'anira makalabu a zachilengedwe m'sukulu zathu awaonetse ophunzira asanapite nawo kukatola zinyalala kunyanja.

Kholo lokhudzidwa,
Senga Bay, Salima